Mutu Wachinayi: Mpunga wa Lachisanu

1. Khonde la kusiteshoni

Mumzinda wa Nampula, anthu ogona m'makonde ankakolola tsiku limodzi lokha pa sabata, ndipo tsikulo linali Lachisanu. Amuna asanapite kumzikiti, eni masitolo ankatulutsa madengu a buledi ndi timatumba ta mpunga n'kuima nazo pakhomo. Osauka ankandanda khomo ndi khomo, kuyambira pasitolo ya nsalu ya a Gulamo mpaka kukafika kumsika. A Gulamo ankamanga timatumba tawo ndi tinsanza totsala podula nsalu, ndipo mpunga wawo ndiwo unali wopanda miyala. Wodwala tsiku limenelo ankadziwiratu kuti sabata yonse adya zotola.

Ancha sankadwala Lachisanu, ngakhale malungo amugwire chotani. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wamtali, wowonda, ndipo ntchito yake inali kugwira nsonga ya ndodo. Nsonga inayo inkakhala m'manja mwa bambo ake, a Selemane, amene sankaona. Iye kutsogolo, iwo pambuyo, ankazungulira choncho mzinda wonse.

Kwawo kunali ku Mossuril, kunyanja yamchere. Chaka chimene mphepo yamkuntho inasasula mudzi wonse, khoma la nyumba linagwera mayi ake a Ancha, ndipo sanadzukenso. Nthawi imeneyo n'kuti maso a a Selemane atayamba kale kuchita chifunga. Atatha maliro anakwera lole ndi mwana wawo kudzafuna mankhwala mumzinda, koma madokotala atayang'anamo anangopukusa mitu. Kobwerera kunalibe. Khonde la sitolo ina yotsekedwa, pafupi ndi siteshoni ya sitima, linasanduka kwawo, ndipo makatoni ndiwo anali mphasa.

Pakhonde pomwepo pankagonanso mayi Zainabo. Miyendo yawo inafota ali mwana, ndipo ankayenda panjinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Koma pakamwa, ayi ndithu, panalibe chilema.

"A Selemane, dzukani! Mukudikira kuti muone kuti kwacha?" ankatero m'mawa uliwonse.

"Ndikudikira kuti inu muyambe mwaimirira, mayi," a Selemane ankayankha, onse n'kufa nako kuseka.

Munthu wogona m'nyumba akanati ayerekeze nthabwala zoterezi, akanamutukwana mpaka kumsika. Koma pakhondepo umenewu ndiwo unali moni.

2. Bedi limodzi

Lachisanu lina masana, atatuwo akugawana buledi amene analandira, panafika Dona Felizarda. Anali mayi ojintcha, ovala magalasi, amene kale anali anamwino. Atapuma pantchito, iwo ndi amayi ena a kutchalitchi ndi a kumzikiti anatsegula nyumba yosungiramo atsikana a mumsewu. Anthu a m'makonde ankangoti kuchipata chobiriwira. Dona sanali mlendo pakhondepo. Ankabwera kawirikawiri ndi mankhwala a zilonda, ndipo sankanyansidwa kukhala pakatoni.

"A Selemane, ndabwera ndi nkhani ija," anatero atapereka moni. "Mtsikana wina abale ake apezeka, wapita kwawo. Bedi lake lilibe munthu. Ndikufuna Ancha."

A Selemane anasiya kutafuna.

"Ndilankhula mosapsatira," Dona anapitiriza. "Mwana uyu inu mukumuona ndi maso akale. Mukuyesa akadali kamwana kaja munakwera nako lole. Ine ndikumuona lero. Wakula, ndipo si ine ndekha amene ndaona. Anyamata onyamula katundu pasiteshoni aona. Madalaivala a malole amene amaima apa aona. Ine ndakalambira m'chipinda cha amayi oyembekezera, ndipo atsikana a m'makonde ndawalandira ambiri. Amabwera akadali ana, mimba ili kutsogolo, dzina la mwini mimbayo osalidziwa. Ena analowa ndi miyendo yawo koma sanatuluke nayo. Zimayamba pang'ono, a Selemane. Lero wina amugulira chakumwa, mawa amugulira patapata, mkuja amuuza kuti tiye kuseri kwa mabogi ukalandire chenji. Inu mudzakhala muli pompano mukuitana dzina lake. Ine ndilibe zambiri. Ndili ndi bedi, sukulu ndi chipata chotseka. Zimenezo ndiye ndabweretsa."

Ancha, amene nthawi yonseyi anali atazolika, anadzutsa mutu.

"Nanga ababa?"

"Nyumba yathu ndi ya atsikana okhaokha, mwanangu. Mwamuna salowa, ngakhale akhale bambo wa munthu. Atsikana ena amene ali m'menemo anathawa abambo awo enieni, ndiye lamulolo lili ndi chifukwa chake. Uzidzabwera kudzawaona." Dona anadzuka, akudzipukuta fumbi. "Ganizirani, koma musachedwe. Ofuna bedi limenelo ndi ambiri. Ndibwera mawa m'mawa."

3. Aliyense anena zake

Dona atangokhota pakona, mayi Zainabo anakhosomola.

"Ine ndinene zanga, wondida andide. Dona ndi munthu wabwino, njinga iyi anandipezera ndi iwowo. Koma anthu othandizawa ali ndi nthenda imodzi: amathandiza chokhacho chimene chinalembedwa pachipata chawo. A ana amatenga ana, a olumala amatenga olumala, a nkhalamba amatenga nkhalamba. Sadziwa kuti ife kuno tinalukana. Wopanda miyendo amayendera wamiyendo, wopanda maso amaonera wamaso. Iwo akabwera amasololapo mmodzi n'kumapita akuimba kuti tapulumutsa munthu, osacheuka n'komwe kuti aone amene wagwa. Mukuwakumbukira a Abudo a pamsika paja? Anawatengera mdzukulu wawo chaka chatha. Mwanayo ndamuona, wanenepa, Chipwitikizi chikungotuluka m'mphuno ngati mwana wa bwana. Nanga a Abudo ali kuti? Tinawaika m'manda mvula isanagwe. Iwe Ancha, sindikuti usapite, ine sindine mayi ako. Koma ukamapita upite ukudziwa chimene ukusiya. Usadzati sanandiuze."

"Mwatha, mayi?" a Selemane anafunsa.

"Ndatha. Ndikapitiriza ndilira, ndipo kulira kumandiwawitsa mutu."

A Selemane anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza phewa la mwana wawo.

"Ancha, zimene anena Dona ndi zoona. Ine ndimangooneka ngati ndagona. Mapazi ndimawamva akubwera, n'kudzaima pafupi ndi pomwe wagona iwe. Ndiye ndimakhosomola mwamphamvu kuti adziwe kuti pali mwamuna pano. Chida changa n'chomwecho, chifuwa. Tsiku lina adzazindikira kuti wokhosomolayo saona ndi dzanja lake lomwe. Tsiku limenelo ndidzatani? Ndidzakawauza chiyani mayi ako?"

"Nanga inu muziyenda ndi ndani?"

"Ndizikankha njinga ya mayi Zainabo, iwo azindionera njira. Miyendo yanga, maso awo."

"Ha! Kuti mukandikhuthulire m'ngalande?" mayi Zainabo anakuwa.

"Mukagwa mudzandiuza, makutu ndili nawo."

Mayi Zainabo anatsonya, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chabwino. Koma buledi wamkulu ndi wanga, ndinenerepo."

"Tsono ine sindikukukankha, mwana wanga," a Selemane anatero. "Nena wekha."

Ancha anayang'ana kumsewu. Kutsidya kwa msewu kunkadutsa ana ochokera kusukulu, akukankhana, zikwama zili kumsana. Iye ankaifuna sukulu. Ankalifuna bedi, ankafuna kusamba kuseri kwa chitseko, ndipo ankachita manyazi kuti akuzifuna zimenezi. Mapazi aja nayenso ankawamva, kungoti sanauzepo munthu.

"Ndipita, ababa," anatero ndi mawu otsika.

M'mawa mwake Dona atafika, Ancha anagwira manja a bambo ake n'kuwaika pachitsulo cha kumbuyo kwa njinga. Anawaphunzitsa pokankha ndi poimika. Anawauza kuti pakona pa sitolo ya zitsulo pali dzenje, azilambalala. Atatha zonsezo anaimabe, osadziwa poika manja ake.

"Ndidzakupezani pompano?"

"Ndipita kuti ine? Nyamuka, usawadikiritse amayi."

4. Kuchipata chobiriwira

Kunyumba kuja anamusambitsa ndi sopo wonunkhira, anamumeta tsitsi chifukwa cha nsabwe, n'kumupatsa diresi ndi nsapato zachikopa zimene wina anasiya. Lolemba anayamba sukulu. Anamuika ndi tiana tating'ono, mawondo ake osakwana pansi pa desiki, koma sanadandaule.

Msewu sunamuchoke msanga m'thupi. Akamayenda, dzanja lake lamanja linkangopita lokha kumbuyo ngati lagwira kanthu, ndipo akaona mwala ankati, "Kwezani phazi," kumbuyo kulibe munthu. Anzake ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Amene ankamuseka kwambiri anali Benvinda, mtsikana wamkulupo amene ankathandiza kukhitchini, koma ndi yemweyonso amene ankamusungira malo podyera.

"Iwe wa kusiteshoni," Benvinda anamuuza atapeza buledi pansi pa pilo, "kuno sitibisa chakudya. Mawa kulinso china. Ukufuna makoswe akudye makutu?"

Atsikana atsopano sankaloledwa kutuluka masiku oyambirira, kuopa kuti msewu ungawakokenso. Choncho Ancha sanamve kanthu za bambo ake. Ankadzitonthoza kuti Lachisanu likubwera, ndipo Lachisanu palibe wogona ndi njala.

Masiku onsewo chakudya chinali cha ufa wa chinangwa ndi masamba. Koma Lachisanu masana, abale inu, mbale zinabwera zitadzaza mpunga, nyemba pamwamba, buledi pambali. Atsikana anaimba m'manja.

"Kuli ukwati?" Ancha anafunsa.

"Ukwati wa ndani, wako?" Benvinda anaseka. "Sunamve? Eni masitolo agwirizana ndi amayi a komiti. Zopatsa anthu pakhomo zija zatha. Akuti zimazoloweretsa ana kupempha. Kuyambira lero zonse za Lachisanu zizibwera kuno ndi kunyumba zina zosungira anthu. Tasuzumira kukhitchiniko uone."

Ancha anasuzumira. Pakona panali mulu wa timatumba ta mpunga, ndipo tambiri tinali tomangidwa ndi tinsanza ta nsalu. Anatizindikira nthawi yomweyo. Mpunga umene unali m'mbale mwake unali womwe uja bambo ake akanalandira m'mawa umenewo.

Njala inamuthera pomwepo. Ananyamula mbale yake n'kupita nayo ku ofesi ya Dona Felizarda.

5. Funso la Ancha

"Dona, anthu a m'makonde alandira chiyani lero?"

Dona anamwetulira, chifukwa nkhaniyi inali yawo ndipo ankainyadira.

"Khala pansi, mwanangu. Palibe amene waiwalidwa. Iweyo ukudziwa bwino mmene zimakhalira Lachisanu: nkhalamba kuima padzuwa, amphamvu kukankha ofooka, ana kujomba kusukulu kuti akaime pamzere. Munthu si mbuzi kuti azimuponyera chakudya pakhomo. Tamanga shedi yabwino ku Namicopo, kupitirira bwalo la ndege. Kuli mthunzi, kuli mpopi wa madzi, kuli mabenchi. Akuluakulu onse azikadya kumeneko chakudya chophikaphika, atakhala pansi ngati anthu. Tinalengeza pawailesi, tinamata mapepala m'masitolo monse."

"Nanga ababa awatsogolera ndani kukafika kumeneko? Maso awo ndine, ndipo ine muli nane kuno."

"Suja anati aziyenda ndi mayi Zainabo?"

"Njira ya kumeneko ndi mchenga wokhawokha, Dona. Njinga ija imatitimira ngakhale wokankhayo akuona."

Dona anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa ngati ali ndi yankho. Kalanga ine! Amayi aja anakhala misonkhano yambirimbiri, anayeza shedi, anakangana za mtundu wa mabenchi, ndipo onse anali ndi mtima wabwino. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayendapo njira imeneyo wapansi, ndipo panalibe amene anaganiza zokafunsa pakhonde.

"Pita ukawaone," Dona anatero. "Nkhani ya mayendedwe ndikaitula ku komiti sabata yamawa. Koma tamvera bwino, Ancha. Mzikiti ukamaitana pemphero la kulowa kwa dzuwa, ine ndimatseka chipata. Wogona kunja, bedi lake limapita kwa wina. Lamulo limeneli sindinaliphwanyirepo munthu, ndipo sindiyambira iwe. Ndinaonapo atsikana abwinobwino amene anati ndingogona kunja lero lokha, mayi anga akudwala, mng'ono wanga ali yekha. Lero lokhalo linasanduka mwezi, mwezi unasanduka moyo wonse. Chisoni n'chabwino, mwanangu, koma chimatha kukubwezera pomwe unachoka, n'kukhala anthu awiri ovutika m'malo mwa mmodzi. Ukawaone, ukawapatse chakudya, ukabwere. Ndipo ukabwere wekha. Wamva?"

"Ndamva, Dona."

Ancha anakhuthulira mpunga wake m'pepala lapulasitiki, anaikamo ndi buledi, n'kutuluka.

6. Mayi, thandizeni

Msewu wa masitolo unali wosesedwa bwino. Kunalibe mzere, kunalibe madengu. Pachitseko chilichonse panali pepala loyera, ndipo anthu ogula ankalowa ndi kutuluka popanda wowatambasulira dzanja. Wobwera kumene akanati mumzindamo umphawi watha.

Ancha anathamanga mpaka kusiteshoni. Njinga ya mayi Zainabo panalibe. Pakhonde ponse panali munthu mmodzi yekha, bambo ake, atatsamira khoma, ndodo ili pamiyendo. Buluku lawo linali litang'ambika pabondo, ndipo pachilonda pankatera ntchentche. Milomo inali itauma gwaa.

Mtsikanayo anafika pafupi n'kuima. 

A Selemane anatchera khutu. Anamva nsapato zachikopa, anamva fungo la sopo. Anadzikonza, n'kutambasula dzanja.

"Mayi, thandizeni wakhungu. Kalikonse, mayi, ngakhale kotsala. Mulungu abwezere pomwe muchotsepo."

Ancha anali atawamva mawu amenewa kambirimbiri, ataima pambali pawo. Sanaganizepo kuti tsiku lina adzaima kutsogolo kwake. Misozi inangoti mbwee.

"Ababa."

Dzanja lija linakhala kaye m'malere, kenaka linatsika pang'onopang'ono n'kukabisala pansi pa malaya.

"Ancha? Iii, mwana wanga, ndikhululukire. Nsapatozo. Ndimayesa ndi dona wina wake."

Ancha anagwada n'kuyamba kuingitsa ntchentche pabondo paja. "Azakhali a Zainabo ali kuti?"

"Anapita Lachitatu. Atamva za shediyo anapempha wa galimoto ya makala kuti awanyamule ndi njinga yomwe, akagoneretu konko. Usawade. Anandichonderera kuti tipitire limodzi, anandituka, analira, ananditukanso. Ine ndinakana."

"Munakaniranji, ababa?"

"Ndikanapita, iwe ukanandipeza kuti?"

Ancha anaingitsanso ntchentche pabondo paja.

"Lero m'mawa ndinati ndiyese ndekha," a Selemane anapitiriza. "Ndinati mwina ndi mphekesera chabe, a Gulamo sangatitaye. Dzenje lija unandiuza ndinalikumbukira nditagweramo kale. Ndinafikabe pasitolo. Eni ake kunalibe, ndipo wantchito wawo anandiuza kuti zonse zalembedwa pachitseko, ndiwerenge." Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera m'chifuwa.

Ancha anamasula pepala lija n'kuwaikira m'manja. A Selemane anayamba ndi kutchula dzina la Mulungu, kenaka anadya. Mpunga wina unkagwera pansi, ndipo ankaufufuza n'kuutola. Mwana wawo anapita kumpopi wa pasiteshoni kukatunga madzi, anawamwetsa, n'kutsuka chilonda chija.

Mimba itakhala pansi, anayamba kufunsa. Bedi lili ndi chofunda? Aphunzitsi amakwapula? Waphunzira kulemba dzina lake? Ancha anatenga chala chawo n'kulemba nacho pafumbi chilembo choyamba cha dzina lake. A Selemane anakondwa ngati awapatsa nyumba.

"Ona! Ndiye ameneyu ndi iweyo? Wamiyendo iwiri ndi lamba pakati? Mayi ako akanaseka lero."

7. Dzuwa lachoka pakhoma

Anacheza mpaka khoma limene anatsamira linayamba kuzizira. A Selemane analigwira ndi chikhato.

"Dzuwa lachoka pakhoma. Kumeneko amatseka nthawi yanji?"

Ancha anawauza zonse zimene Dona ananena, osabisa kanthu.

"Ndiye ukudikira chiyani? Nyamuka. Tamvera, Ancha, ndipo mawu awa uwasunge. Ine ndadya, ndakhuta, mawa lili ndi Mwini wake. Usamayang'ane bondo ili, ndi khungu chabe, lipola. Ine zanga zinatha, ndinaona zimene ndinayenera kuona: ndinaona nyanja, ndinaona mayi ako ali mtsikana, ndinakuona iwe tsiku lomwe unabadwa. Iwe sunaone kanthu. Ukataya bedi limenelo chifukwa cha ine, sunandithandize, wandipha. Udzabwerera pakatoni apa, mapazi aja adzabweranso, ndipo njala yonse imene ndagona nayo sabata ino idzakhala yopanda pake. Mwana womvera samangomvera zokoma zokha. Ndikukuuza ngati bambo ako: pita, usacheuke."

Ancha anaimirira. Anayang'ana makatoni, anayang'ana kachitini ka madzi, anayang'ana khonde lonse lopanda munthu wina woti angamve bambo ake akaitana. Kenaka anawerama n'kutola nsonga ya ndodo.

"Imirirani, ababa."

"Tikupita kuti?"

"Ingoimirirani."

Thupi linazolowera kumvera ndodo. A Selemane anadzuka akutsimphina, n'kuyamba kutsatira. Anadutsa njanji, anadutsa ogulitsa chinangwa chootcha, anakwera kamtunda. Wakhungu amaidziwa njira ndi makutu, ndipo posakhalitsa anazindikira.

"Ancha, njira iyi si ya kumsika."

"Kwezani phazi, pali mwala."

"Iwe mwana, ukundipititsa kwa amayi aja? Suja akuuza kuti ubwere wekha? Atithamangitsa tonse awiri!"

"Ngalande, ababa. Dumphani pang'ono."

Anamukalipira, anamunyengerera, anamutchula dzina la mayi ake, koma Ancha sanayankhe china kupatula za miyala ndi maenje. Bondo lija linkawachedwetsa. Pamene ankafika mumsewu waukulu wodutsa malole, umene unali pamaso pa nyumba ija, mzikiti unayamba kuitana.

8. Pachipata

Dona Felizarda anali atatseka kale mbali imodzi ya chipata. Loko linali m'manja. Ataona mtsikana akubwera mtima unakhala pansi, koma ataona ndodo ndi munthu kumbuyo kwake, nkhope inagwa.

"Ancha, ndinati chiyani?"

"Munati ndibwere ndekha, Dona."

"Nanga izi?"

"Ali okha pakhonde ponse paja. Azakhali a Zainabo anapita kushedi. Agwera m'dzenje, taonani bondo. Ngakhale pakhonde la khitchini, Dona, ngakhale pafupi ndi nkhuni. Sasokosa, sadya zambiri. Tizigawana mbale yanga."

Atsikana anali atasonkhana kuseri kwa Dona, akusuzumira. Ena aang'onoang'ono, atangoona kuti pachipata pali mwamuna, anathawira m'nyumba. Dona anawaona akuthawa, ndipo anaonanso chilonda chija. Anali namwino, sakanalephera kuchiona.

"Mwanangu, ukundipempha chinthu chimene ndilibe," anatero. "Lowa. Za bambo ako tiona mawa."

"Mawa adzakhala ali kuti? Ndekha sindilowa, Dona. Ngati mukutseka, mutitsekere tonse kunja."

"Iwe wa kusiteshoni, usapuse!" Benvinda anakuwa ali mkati, akulira. "Lowa!"

Woitanira pemphero anamaliza, ndipo kunja kunati zii. Dona Felizarda sanatsegule, sanatsekenso. Anangoima, dzanja lina pachipata, lina litagwira loko.

Ali chiyang'anire Dona, Ancha anamva ndodo ikupepuka m'dzanja mwake. Nsonga ina ija inagunda pansi.

Anacheuka. Bambo ake anali ataisiya. Anali atatembenuka mwakachetechete, manja atatambasula kutsogolo, akutsimphina kulowera kumsewu waukulu, kumene lole yodzaza matabwa inkatsika kamtunda ikuliza hutala.